Mmene mungaphunzitsire kompyuta kusankha mapale a mbiya zakale

Pamalo ambiri amene akatswiri ofukula zinthu zakale amakumba, chimene chimatuluka chochuluka kuposa china chilichonse ndi mapale. Dongo lootcha siliola, chiswe sichilidya, ndipo mphika ukasweka palibe amene amatola zidutswa zake kuti akazisungunule monga amachitira ndi chitsulo. Ku Rome kuli phiri lotchedwa Monte Testaccio, lotalika pafupifupi mamita 35, lomwe pafupifupi lonselo ndi mulu wa mitsuko yosweka imene inkabwera ndi mafuta a maolivi, yambiri yochokera kumwera kwa Spain. Kukumba kumatha pa milungu ingapo, koma kusankha mapale amene atuluka kumadya miyezi ngakhale zaka, ndipo anthu odziwa kusiyanitsa mitundu yake ndi owerengeka.

Mapulogalamu a AI, aja amene amaphunzira kuzindikira zinthu akaona zithunzi zambirimbiri, ayamba kupeputsa ntchito imeneyi. Mu 2021, Leszek Pawlowicz ndi Christian Downum a ku Northern Arizona University anatulutsa zotsatira za kafukufuku wawo pa mbiya zotchedwa Tusayan White Ware, zoyera zojambulidwa ndi utoto wakuda, zomwe zinkaumbidwa kumpoto chakum'mawa kwa Arizona ku America kuyambira cha m'ma 825 mpaka cha m'ma 1300. Anatenga zithunzi za mapale pafupifupi 3,000 n'kupatsa akatswiri anayi kuti atchule mtundu wa phale lililonse, kenako anaphunzitsa kompyuta. Poyesa, kompyutayo inaposa akatswiri awiri ndipo inalingana ndi awiri enawo.

Komatu zonse zimene kompyuta ija inadziwa inazitenga pa mayina amene anthu anayi aja anapereka, ndi pa zithunzi zimene munthu anajambula mosamala. Ine ndimaona kuti ntchitoyi imalongosoka kapena kuonongeka patebulo, mapale ali m'manja, kompyuta isanayatsidwe n'komwe. N'chifukwa chake malangizo awa akhalitsa pamenepo.

Yambani ndi funso limodzi

Phale limakuuzani zinthu zitatu: zokongoletsa zimene zili pamwamba pake, kaumbidwe ka mphika womwe linachokera, ndi dongo lenilenilo pamodzi ndi zimene woumba anasakanizamo, monga mchenga, zigoba za nkhono kapena mapale ena osinja. Chilichonse mwa izi chimafuna zithunzi zakezake. Sankhani chimodzi. Ngati mukuyamba kumene, tengani zokongoletsa, chifukwa kamera wamba imazigwira bwino.

Kenako lembani mitundu imene mukufuna kuti kompyuta izisiyanitsa. Simukuyambitsa ndinu kagawidwe kameneka. Hans Dragendorff anagawa mbale zofiira zonyezimira za Aroma, zotchedwa terra sigillata, mu 1895, ndipo Heinrich Dressel anagawa mitsuko yawo mu 1899. Mpaka lero mtsuko wozungulira wa mafuta umene wadzaza Monte Testaccio umatchedwa Dressel 20. Dera lililonse lili ndi kagawidwe kake komwe akatswiri a kumeneko amatsatira, ndipo inu tengani kameneko. Yambani ndi mitundu 5 mpaka 8 yokha.

Pa mtundu uliwonse lembani ndime yofotokoza chimene chimausiyanitsa ndi unzake woyandikana nawo. Pa mbiya za Tusayan zija, mtundu wa Kana'a umadziwika ndi mizere yopyapyala, Sosi ndi mizere yonenepa, Black Mesa ndi timadontho tolendewera m'mbali mwa mizere, pomwe Dogoszhi ndi timizere tambiri tondondozana todzaza m'kati mwa malire ojambulidwa. Mukalephera kulemba kusiyana kwa mitundu iwiri m'mawu omveka, dziwani kuti anthu opereka mayina adzatsutsana pamenepo, ndipo kompyuta idzatengera chisokonezo chomwecho.

Konzani mapale

Gwiritsani ntchito mapale amene anafukulidwa mwalamulo ndipo mbiri yake inalembedwa: malo, dzenje, ndi kuya kwa dothi lomwe anapezekamo. M'mayiko ambiri kukumba kapena kutola zinthu zakale popanda chilolezo ndi mlandu, choncho gwirizanani ndi myuziyamu kapena yunivesite yomwe ikusunga kale mapale. Tsukani ndi madzi ndi burashi yofewa, muyanike pamthunzi. Osatsuka mapale amene ali ndi mwaye kapena zopserera za chakudya m'kati, chifukwa zimenezo zikhoza kupimidwa zaka zake ndi njira ya carbon-14. Osatsukanso amene utoto wake ukuchoka mukaukhudza ndi chala chonyowa.

Phale lililonse likhale ndi nambala yake. Mukatero yalani mapale a m'dzenje limodzi n'kuyesa kulumikiza. Amene akugwirana, kapena amene zikuonekeratu kuti ndi a mphika umodzi, apatseni nambala yachiwiri, ya mphika. Ndi ntchito yotopetsa ndipo ambiri amaidumpha, koma nambala imeneyi mudzaifuna kwambiri pogawa zithunzi.

Kujambula zithunzi

Pulogalamu ya AI siidziwa kuti pachithunzi pali phale. Imangofufuza chilichonse chimene chimabwerezabwereza pa zithunzi za dzina limodzi. Tiyerekeze kuti mapale onse a mtundu woyamba mwawajambula Lolemba pansalu yabuluu pafupi ndi windo, ndipo a mtundu wachiwiri mwawajambula Lachinayi madzulo pathabwa, getsi litayaka. Kompyuta idzaphunzira kuti buluu ndi mtundu woyamba, thabwa ndi wachiwiri. Poyesa idzakhoza bwino zedi, koma mbiya siinazione n'komwe.

Choncho chilichonse chimene si phale chikhale chofanana pa zithunzi zonse. Mangirirani kamera pa choimikira, iyang'ane pansi molunjika, ndipo mtunda wake usasinthe. Pansi yalani nsalu kapena pepala lakuda kapena lotuwa, losanyezimira. Tsekani makatani, mugwiritse ntchito magetsi omwewo nthawi zonse. Ngati zokongoletsa ndi za utoto, kuwala kofewa kochokera mbali ziwiri n'kwabwino. Ngati ndi zocheka kapena zodinda padongo, tsitsani getsi limodzi liwalire chammbali, pafupifupi kugona ndi tebulo. Mudzaona timizere timene timaoneka tofufutika tikutulukira, kalikonse ndi kamthunzi kake, ngakhale malo amene chikhadabo cha woumba chinaterereka. Getsilo lizikhala mbali imodzimodzi, apo ayi chocheka chidzaoneka ngati chotukuka.

Ikani rula ndi kakhadi ka mitundu pambali pa phale kuti mudzathe kukonza kukula ndi mtundu wa chithunzi, koma musanapereke zithunzi kwa kompyuta dulani mbali imeneyo. Chotsaninso kapepala ka nambala. Nambala yolembedwa ndi inki paphale penipeni isaoneke, chifukwa kalembedwe ka munthu amene analemba mapale a malo amodzi kakhoza kukhala chimene kompyuta ikugwira. Sakanizani mitundu pojambula, osamaliza mtundu umodzi kenako n'kuyamba wina.

Kukula kwa phale pachithunzi kulinso ndi nkhani. Mapulogalamu ambiri amafuna chithunzi cha mapikiselo (timadontho topanga chithunzi) 224 m'litali ndi 224 m'lifupi, ndipo anthu amangokulitsa kaphale kakang'ono kuti kadzaze malowo. Mukatero mzere wopyapyala wa Kana'a usanduka wonenepa ngati wa Sosi. Siyani sentimita ikhale yofanana pa zithunzi zonse, malo otsala m'mbali akhale akuda. Ngati mukujambula ndi foni, zimitsani GPS kapena fufutani zimene foni imalemba m'fayilo, chifukwa chithunzi choterocho chikapita pa intaneti chimalondolera akuba kumalo ofukulidwawo kapena kosungira.

Zithunzi zingati? Yesetsani kupeza mazana angapo pa mtundu uliwonse, ochokera kumalo osiyanasiyana. Mtundu umene uli ndi mapale 20 okha usiyeni kaye, kapena muuphatikize ndi wofanana nawo.

Kupereka mayina

Apa ndiye pagona nkhani. Pezani anthu odziwa osachepera awiri, atatu ndi bwino koposa. Aliyense apereke mayina payekha, osaona zimene mnzake walemba. Pamndandanda wa mayina pakhale mayankho ena awiri: "sindingathe kudziwa" ndi "si umodzi mwa mitundu iyi". Katswiri amene mwamukakamiza kutchula mtundu wa kaphale kofufutika kongolingana ndi chikhadabo adzangolota, ndipo malotowo adzalowa m'kompyuta ngati choonadi.

Mukasonkhanitsa mayankho, werengani kuti agwirizana pa mapale angati. Pali muyeso wotchedwa Cohen's kappa umene umachotsako kugwirizana kongochitika mwamwayi: 1 ndi kugwirizana kotheratu, 0 ndi kofanana ndi kulota. Musadabwe mukapeza kuti anthu amene agwira ntchitoyi moyo wawo wonse akusiyana pa mapale ambiri; ngakhale akatswiri a ku Arizona aja sanagwirizane pa onse. Onani kumene kusiyanako kwaunjikana. Ngati kuli pakati pa mitundu iwiri yomweyo nthawi zonse, akhale pansi ndi mapalewo m'manja, akonze ndime zofotokozera zija. Nthawi zina zimapezeka kuti malire a mitundu iwiriyo anaikidwa ndi wolemba buku, pomwe oumba ankasintha kajambulidwe pang'onopang'ono, mwana kusiyana pang'ono ndi amene anamuphunzitsa. Kudziwa zimenezi pakokha ndi phindu la kafukufuku.

Pophunzitsa kompyuta, gwiritsani ntchito mapale amene ambiri agwirizana. Otsutsanidwawo musawataye, asungeni padera pamodzi ndi mayankho onse. Lembani zonse m'tebulo limodzi, mu Excel kapena pulogalamu ina yotere: nambala ya phale, nambala ya mphika, malo, dzina la fayilo, yankho la katswiri aliyense, ndi dzina limene lavomerezedwa.

Gawani zithunzi patatu

Gawo lalikulu, mwina 70 pa 100 zilizonse, ndi lophunzitsira. Zina 15 ndi zoonera mmene kuphunzira kukuyendera, ndipo 15 zotsalazo ndi za mayeso omaliza. Zimenezi zitsekereni m'foda yakeyake, osazikhudza mpaka kumapeto.

Osagawa chithunzi ndi chithunzi mwachisawawa. Gawani potsata nambala ya mphika ija: mapale onse a mphika umodzi apite mbali imodzi. Phale lina la mphika likakhala kophunzitsira, linzake kumayeso, kompyuta imangozindikira mphika umene inauona kale. Zili ngati mwana wasukulu amene anaonera mafunso mayeso asanafike: malikisi ndi okwera, koma sakukuuzani kanthu za nzeru zake. Ngati mapale anu achokera kumalo angapo, patulani malo amodzi athunthu akhale a mayeso okha. Pamenepo m'pamene mudzadziwe mmene pulogalamu idzachitire ndi mapale a malo amene adzakumbidwe chaka chamawa, omwe dothi lake linawadetsa mosiyana ndi enawo.

Kuphunzitsa

Gawo limene anthu amaliopa ndi limene lili lalifupi. Simuyambira pachabe. Pali mapulogalamu ophunzitsidwa kale, monga ResNet-50 ndi VGG16, amene anaona zithunzi zoposa 1 miliyoni za m'nkhokwe ya ImageNet, za zinthu zamitundu 1,000. Amadziwa kale mizere, ngodya, madontho ndi kukhakhala kwa chinthu. Inu mumangochotsa gawo lomaliza lotchula mayina n'kuikapo la mitundu yanu, kenako n'kuphunzitsanso ndi zithunzi zanu. Odziwa chinenero cholembera mapulogalamu cha Python amachita zimenezi ndi PyTorch kapena TensorFlow, ndipo ngati kompyuta yanu ndi yofooka, Google Colab imakubwerekani yamphamvu kudzera pa intaneti. Amene sadziwa kulemba mapulogalamu akhoza kuyamba ndi Teachable Machine ya Google, pomwe mumangoika zithunzi m'magulu n'kudina batani. Imeneyi ndi yabwino kulawira, kuti muone ngati zithunzi zanu zili ndi tsogolo.

Pofuna kuchulukitsa zithunzi, anthu amazitembenuza, kuziwalitsa kapena kuzidetsa pang'ono. Kuzunguliza phale la pamimba pa mphika n'kwabwino, popeza kawirikawiri sitidziwa kumwamba kwake. Koma samalani ndi kugadabuza chithunzi kumanja kupite kumanzere. Mbiya zambiri zakale zinkadindidwa ndi chingwe, ndipo akatswiri amayang'ana mbali imene chingwecho chinapotedwera, kaya ngati chilembo S kapena ngati Z. Mukagadabuza, S asanduka Z, ndipo mwafufuta umboni ndi manja anu. Chimodzimodzi, osasintha mitundu ya chithunzi ngati kufiira kapena kuda kwa phale ndi mbali ya chimene chimasiyanitsa magulu anu.

Pophunzitsa yang'anirani manambala awiri. Kukhoza pa zithunzi zophunzitsira kukamakwerabe, pomwe pa zoonera zija kwaima kapena kwayamba kutsika, ndiye kuti pulogalamu yayamba kuloweza. Imitsani pamenepo.

Kuyesa

Tsopano tsegulani foda ya mayeso, kamodzi kokha. Nambala imodzi yonena kuti yakhoza 90 peresenti isakunyengeni. Ngati mapale 90 mwa 100 ndi a mtundu umodzi, pulogalamu yongotchula mtundu umenewo nthawi zonse ipeza 90 yomweyo. Jambulani tebulo: mitundu yeniyeni kutsika pansi, mayankho a kompyuta chopingasa. Pa mtundu uliwonse onani kuti yapeza angati mwa amene analipo, ndiponso kuti mwa amene yawatchula dzinalo, olondola ndi angati. Yerekezani ndi mmene akatswiri anu anagwirizanirana okhaokha. Ngati iwo amagwirizana pa mapale 80 mwa 100 ndipo kompyuta ikuonetsa 99, kaikirani. Bwererani mukafufuze nsalu, inki kapena mphika umene wagawika pawiri.

Kenako funsani pulogalamu kuti ikuyang'ana pati. Njira yotchedwa Grad-CAM imapaka chithunzi mtundu wofiira pamalo amene akoka kwambiri yankho. Gulu la ku Arizona linagwiritsa ntchito zithunzi zotere. Tengani mapale 30 kapena 40, okhoza ndi olakwa omwe, muone limodzi ndi katswiri. Kufiira kukagwera pa timadontho tolendewera kapena pa timizere tondondozana, mtima ukhale pansi. Kukagwera m'mphepete mwa phale, pamthunzi, kapena pakona yopanda kanthu, pulogalamuyo yaphunzira zina, ngakhale malikisi ake akhale okongola bwanji. Mapale amene yalakwitsa agwireninso m'manja. Mwa iwo mudzapezamo ena amene wolakwitsa anali munthu.

Nanga mapale osakongoletsa?

Mapale ambiri alibe chojambula chilichonse, ndipo chimene chimathandiza ndi kaumbidwe, makamaka ka mlomo, khosi ndi pansi. Apa chithunzi chofunika ndi cha pothyokera, choonetsa mmene khoma la mphika likupindikira. Ntchito ya ArchAIDE, yomwe inathandizidwa ndi European Union kuyambira 2016 mpaka 2019 motsogozedwa ndi University of Pisa, inalimbana ndi vuto limeneli. Popeza zithunzi za mapale enieni zinali zochepa, anatenga zojambula za m'mabuku a kagawidwe ka mbiya, n'kuumba nazo miphika ya m'kompyuta, kuiphwanya m'kompyuta momwemo, ndi kuphunzitsira zidutswazo. Wogwiritsa ntchito amajambula phale ndi foni, n'kulondola ndi chala mzere wa kunja ndi wa m'kati, ndipo pulogalamu imapereka mitundu isanu yoyandikira kuti munthu asankhepo.

Njira imeneyi imayenda bwino ndi mbiya zoumbidwa pa gudumu lozungulira, zopangidwa zambirimbiri mofanana, monga za Aroma. Mphika woumbidwa pamanja mlomo wake umasintha mukamauzungulira, mbali ina wonenepa, ina wopendekera kunja, moti mapale awiri a mphika womwewo akhoza kuoneka ngati a mitundu iwiri. Pa mbiya zotere gwiritsani ntchito magulu akuluakulu ochepa, ndipo muonjezepo miyeso ya pamanja: kukula kwa kamwa la mphika ndi kunenepa kwa khoma. Za dongo lenilenilo, zithunzi zake zimajambulidwa pa maikulosikopu, pothyoka chatsopano kapena pa kachidutswa kopalidwa mpaka kupyapyala mamilimita 0.03, koma njira yophunzitsira ndi yomweyi.

Kugwiritsa ntchito pa mapale atsopano

Pulogalamu yamtunduwu imagawa 100 peresenti pakati pa mitundu imene inaphunzira, basi. Muipatse chidutswa cha njerwa, idzachitchulabe dzina la mbiya, mwinanso motsimikiza. Choncho onjezani gulu la "zina" lokhala ndi zithunzi za mapale a mitundu yachilendo, miyala ndi zidutswa zofufutika. Ikaninso malire pogwiritsa ntchito zithunzi zoonera zija: pezani mulingo wa chitsimikizo umene pamwamba pake zolakwa zimachepa kwambiri. Phale lililonse logwera pansi pa mulingowo lipite patebulo la katswiri. Mwa amene adutsa, tolani ochepa mwachisawawa m'bokosi lililonse kuti munthu awaonenso. M'kaundula lembani momveka kuti dzina ili lapereka ndi kompyuta, ili ndi munthu.

Dzina la mtundu si chaka. Flinders Petrie, pofukula manda ku Egypt, anasonyeza mu 1899 kuti kusintha kwa kaumbidwe ka mbiya kungathandize kusanja zinthu kuyambira zakale mpaka zaposachedwa, koma zaka zenizeni zimachokera kwina: kusanjikizana kwa dothi, makala opimidwa ndi carbon-14, ndalama zachitsulo zopezeka pamodzi. Phale lakale likhoza kupezeka m'dothi la pamwamba chifukwa wina anakumbapo dzenje kalekale. Kompyuta siiona zimenezo pachithunzi, choncho yankho lake liwerengedwe pamodzi ndi zimene ofukula analemba.

Musanaike zithunzi poyera, funsani eni mapalewo. Mbiya zina zinachokera m'manda, ndipo kuli anthu amoyo amene oumbawo ndi makolo awo. Ku Arizona, mwachitsanzo, anthu a mtundu wa Hopi ndi ena mwa iwo. Zimene zaloledwa zisungeni pamalo okhalitsa a pa intaneti monga Zenodo kapena Archaeology Data Service ya ku York: zithunzi, tebulo la mayina, ndime zofotokozera mitundu, mndandanda wa mmene munagawira, kajambulidwe kanu, ndi pulogalamu yophunzitsidwayo ndi tsiku lake. Mapale a malo atsopano akabwera, katswiri apereke mayina pa 100 oyamba musanakhulupirire kompyuta pa otsalawo. Kukhoza kukatsika, onjezani ena mwa mapale atsopanowo ku gulu lophunzitsira, muphunzitsenso, muipatse nambala yatsopano, ndipo muiyese pa foda yakale ija komanso pa ina yatsopano ya malo amenewa.